Sleipner A: pulogalamu inamaliza osadandaula, khoma n'kusweka pa mamita 65

M'mawa wa pa 23 Ogasiti 1991, mu Gandsfjord, fjord (mkono wakuya wa nyanja wolowa kumtunda) ya pafupi ndi mzinda wa Stavanger ku Norway, tsinde la konkire la pulatifomu ya gasi ya Sleipner A linkamizidwa m'madzi pang'onopang'ono. Kunali kuyesa kokonzedwa kale, ndipo kunalibe namondwe kapena mafunde oti n'kunamizira. Litatsala pang'ono kufika pomwe linayenera kuima, amene anali pamwamba pake anamva kugunda kwamphamvu, kenako mkokomo wa madzi akukhuthukira mu imodzi mwa nsanamira zake zinayi. Mapampu otulutsa madzi anagonja. Anthu onse anapulumuka, koma patangotha mphindi pafupifupi 18 chimango chonse chinali chitazimirira. Pomira zipinda zake zinaphwanyika ndi mphamvu ya madzi, ndipo zidutswa zitagunda pansi, pa kuya kwa mamita 220, makina oyezera zivomerezi analemba kugwedezeka kwa 3.0 pa sikelo ya Richter. Zonse zitaphatikizidwa, ndalama zotayika zinafika pa madola a ku America pafupifupi 700 miliyoni.

Nkhaniyi ndikulembera anzanga amene timadyera m'masamu a finite element (njira yowerengera chimango pa kompyuta pochidula m'tizidutswa totchedwa ma element), makamaka ife olemba fayilo ndi manja, kuiponya ku solver (pulogalamu yothetsa masamuwo) pa command line (pomwe timalamula kompyuta polemba mawu), n'kudikira kuti itibwezere manambala. Chimene chimandisowetsa mtendere pa Sleipner n'chakuti solver inagwira ntchito yake. Inathetsa samu imene inapatsidwa. Samuyo ndi imene inasiyana ndi khoma lenileni pa kamalo kamodzi, ndipo kuchokera pa mesh (ukonde wa ma element) mpaka pa pepala lojambulapo zitsulo, panalibe chimene chinaimitsa nambala yolakwikayo panjira.

Chimene ankamanga

Sleipner A inali ya mtundu wa Condeep, chimango cha konkire chimene chimakhazikika pansi pa nyanja ndi kulemera kwake kokha. Kampani ya Norwegian Contractors ndi imene inkamangira Statoil, yomwe lero ikutchedwa Equinor. Sinali ntchito yachilendo kwa iwo. Ma Condeep 11 anali atamangidwa kale, kuyambira Beryl A mu 1975 mpaka a ku Statfjord ndi ku Gullfaks, ndipo ambiri mwa amenewo anaima m'madzi akuya kuposa mamita 82 a pa Sleipner. Tsinde lake linali ndi zipinda 24 zozungulira, zokhala pa malo okwana masikweya mita 16,000. Zinayi mwa izo zinakwezedwa kukhala nsanamira zonyamula deki (gawo la pamwamba lokhala ndi makina ndi nyumba za antchito), ndipo kutalika konse kunali mamita 110.

Mukagundanitsa ndowa zitatu, pakati pake pamatsala kampata ka makona atatu. Pakati pa zipinda za Condeep pamakhalanso mpata wotere, ndipo amautcha tricell. Ma tricell a pa Sleipner anali otseguka kumwamba, choncho chimango chikamira madzi a m'nyanja ankadzaza m'menemo. Kuseri kwa khoma lomwelo, m'chipinda kapena m'nsanamira, madzi amakhala otsika kwambiri, poti mpweya wa m'menemo ndi umene ukuyandamitsa chimango. Ndiye kuti khoma la tricell, lochindikala mamilimita 550, linkakankhidwa mbali imodzi yokha ndi kusiyana konse kwa madzi awiriwo.

Kusiyanaku kumafika pachimake nthawi imodzi yokha m'moyo wonse wa pulatifomu: pa tsiku loikapo deki. Deki imamangidwa kwina, imabwera pa mabaji, ndipo kuti ikhale pamwamba pa nsanamira, tsinde amalimiza mpaka kungotsala nsonga zokha. Pulatifomu ikakakhala pamalo pake m'nyanja, zipinda zimadzazidwa ndipo makomawo amapuma. Kuyesa kwa pa 23 Ogasiti kunali kokonzekera tsiku limenelo. Mwayi wake unali umenewo, kuti deki inali isanaikidwe.

Palinso china chimene wojambula chimango chotere amalimbana nacho. Konkire aliyense wowonjezera ndi kulemera kowonjezera, ndipo chimango chiyenera kuyandama chitasenza deki pochikokera ku nyanja. Choncho palibe amene amachindikalitsa khoma chifukwa cha mantha chabe. Pamene manambala akuti apa n'pokwanira, pamakhala pokwanira. Pa ntchito yotere nambala yolakwika ilibe pobisala.

Njira imene nambala inadutsa

Chimango chonse chinawerengeredwa ndi NASTRAN, pulogalamu imene inayamba kulembedwera NASA kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Amene anaigwiritsapo ntchito akudziwa mmene imayendera, ndipo mpaka lero sizinasinthe kwenikweni. Mumalemba fayilo ya mizere yambirimbiri: GRID ya node iliyonse (mfundo imene ma element amalumikiziranapo), CHEXA ya element iliyonse ya makona 8, MAT1 ya mtundu wa zomangira, SPC ya pomwe chimango chagwiridwa, PLOAD4 ya mphamvu yokankha pa nkhope. Mizereyo imatsatabe kalembedwe ka makadi obowola a malo 80. Mumayendetsa ntchitoyo, n'kutsegula fayilo ya .f06 kufunafuna mawu akuti FATAL. Akakhala kuti mulibe, mtima umakhala pansi.

Koma tikumbutsane chimene chachitika pamenepo. Khoma lenileni lili ndi malo osawerengeka, ndipo lamulo la kukhazikika kwa mphamvu liyenera kugwira pa malo aliwonse. Ife taliduladula kukhala ma element, tauza element iliyonse mapindikidwe ochepa amene ikuloledwa kupindika, ndipo zonse zasanduka samu imodzi yaikulu, K u = f, pomwe K ndi kulimba kwa chimango ndipo f ndi katundu. Solver imapeza u, kusuntha kwa node iliyonse. Ikamaliza popanda kudandaula, yangonena kuti K u = f yathetsedwa. Za khoma sinanenepo kanthu.

Ndipo wojambula zitsulo safuna u. Amafuna stress (mphamvu yogwera pa kagawo kalikonse ka mkati mwa khoma), ndipo koposa apo amafuna mphamvu zodutsa pa chigawo cha khoma: moment (yopinda khoma), mphamvu yotsata utali wa khoma, ndi shear, imene imafuna kuti chigawo chimodzi chitsetsereke pa chinzake. Stress imachokera pa kusintha kwa u mkati mwa element, choncho nthawi zonse imakhala yosalondola kuposa u. Imakhalako bwino pa malo ochepa a mkati mwa element, ma Gauss point, ndipo kwina konse imachita kukokedwa kuchokera pamenepo. Pa Sleipner panali sitepe inanso: pulogalamu ina inkatenga zotuluka mu NASTRAN n'kuzisandutsa mphamvu za pa zigawo zimene ojambula anasankha, ndipo mphamvu zimenezo ndi zimene zinkalamula kuchuluka kwa zitsulo. Mesh, solver, pulogalamu yosandutsa, pulogalamu ya zitsulo, kenako pepala. Chilichonse chinkakhulupirira chimene chapatsidwa ndi chinzake cha m'mbuyo.

Zimene ofufuza anapeza

Umboni unali utasanduka mulu wa zidutswa pansi pa fjord. Ofufuza anayamba ndi zimene anthu anamva ndi kuona, malo amene madzi analowera, ndi liwiro limene chimango chinamira nalo, lomwe limasonyeza kukula kwa mng'alu. Statoil inakhazikitsa gulu lofufuza, ndipo ntchito ya zaumisiri inapatsidwa ku SINTEF, bungwe la kafukufuku la ku Trondheim. Zonse zinaloza ku khoma la tricell loyandikana ndi nsanamira, chakumapeto kwake pamene limalumikizana ndi makoma anzake. Anawerengeranso ndi mesh yabwino, anaumbanso zigawo za konkire zofanana ndi polumikizirapo n'kuzithyola mu labotale.

Chinatuluka n'chakuti shear ya pa malo amenewo inawerengedwa yochepa ndi 47 peresenti. Kuwerengera kwatsopano kunasonyeza kuti khoma lomangidwa motero liyenera kusweka kukankha kwa madzi pa khomalo kukafika pa mamita 62. Linasweka pa mamita 65. Kuyandikana kwa manambala awiriwa kukunena zambiri: njira ya finite element inali ndi mphamvu yolosera ngoziyo molondola. Vuto silinali m'njirayo.

Pokhotera poyamba panali pa mesh. Chimango chonse cha mamita 110 kuti chikwane mu kompyuta ya nthawi imeneyo, ma element anayenera kukhala akuluakulu. Pakati pa khoma zimenezo zilibe vuto. Koma pa kona ya tricell makoma amakumana mopendekeka, ndipo ma element a pamenepo anatuluka opotoka, makona ake atasiyana kwambiri ndi madigiri 90. Element ya ma node ochepa ikapotoka imataya luso lake lotsanzira kupindika. Masamu ake amachitikira pa kabokosi kowongoka ka m'malingaliro, kenako amasamutsidwira pa maonekedwe enieni kudzera mu Jacobian, muyeso wa mmene kabokosiko katambasukira. Element ikakhala yowongoka Jacobian imakhala yofanana paliponse mkati mwake. Ikapotoka imasinthasintha, ndipo stress yotulukamo imasokonekera. Solver imakana element pokhapokha ikapotoka mpaka kutembenuzika. Yongopotoka chabe imadutsa, nthawi zina ndi kachenjezo kamodzi pakati pa mizere masauzande imene palibe amaiwerenga.

Pokhotera pachiwiri ndi pamene pamandipweteka kwambiri, chifukwa n'zimene ambiri a ife timachita mlungu ndi mlungu m'tima script (timapulogalamu tatifupi) tathu ta Python. Shear inkafunika chakumapeto kwa khoma, pomwe panalibe nambala yotuluka mwachindunji. Pulogalamu yosandutsa ija inkatenga manambala a malo oyandikana, kuwakokera mzere wopindika wa parabola, n'kuupitiriza mpaka pa malo ofunikawo. Pa khoma lokankhidwa mofanana ndi madzi, shear imakwera mowongoka: ziro pakati, kenako kukwera mpaka kumapeto. Mzere wake ndi wowongoka, ndipo wophunzira wa chaka choyamba amaudziwa. Koma parabola imamvera nambala iliyonse imene mwaipatsa. Nambala ya kufupi ndi element yopotoka ija inali yotsika, parabola inawerama kuitsatira, ndipo poipitiriza kunja kuwerama kuja kunakula. Cholakwa cha mesh chinalowa m'pulogalamu yachiwiri chili chaching'ono, n'kutulukamo chitakula.

Pokhotera pachitatu panali pa zitsulo. Madzi a mu tricell akamakankha makoma, kona imafuna kutseguka. Kuti isatseguke, anaikapo chitsulo chokhala ndi mitu ya T mbali zonse ziwiri, chodutsa pa konapo. Chitsulocho chinali chachifupi. Mitu yake inathera m'konkire wokokedwa, osafika kutsidya kumene konkire ali wopanikizika, kumene kukanakhala pogwira. Ndipo popeza shear yowerengedwa inaoneka yochepa, zitsulo zomanga za shear sizinapitirizidwe mpaka pa msinkhu umene khoma linaswekera. Mng'alu unangozungulira kumapeto kwa chitsulo cha T n'kudutsa khoma lonse.

Cholakwa chachitatuchi mesh yabwino yokha siikanachichotsa. Kuwerengera kwa linear elastic kumaganiza kuti konkire ndi chinthu chimodzi chosang'ambika, chimene chimakokeka ndi kupanikizika mofanana. Konkire weniweni amang'ambika, ndipo akang'ambika mphamvu imasintha njira: kupanikiza kumayenda m'konkire, kukoka kumayenda m'zitsulo, ndipo pamene ziwirizi zikumana payenera kukhala pogwira. Zimenezi zimaoneka mukajambula strut and tie (njira za kupanikiza ndi za kukoka) pa pepala. Chithunzi cha mitundu yokongola chochokera ku solver sichikuuzani pamene mutu wa chitsulo uyenera kuthera.

Samu ya pa pepala

Tiyeni tiichite, chifukwa ndi yaifupi modabwitsa. Madzi a m'nyanja amalemera pafupifupi makilogalamu 1,025 pa kiyubiki mita. Pa mamita 65, kukankha kwake ndi 1,025 × 9.81 × 65, zomwe ndi pafupifupi 0.65 MPa, kapena kuti matani pafupifupi 66 pa sikweya mita iliyonse. Kuti samu ipepuke, tingoyerekeza khoma lotambalala mamita 4 pakati pa makona ake awiri, ndipo titenge lamba wa mita imodzi m'mwamba. Katundu yense pa lamba ameneyu ndi 0.65 × 4, zomwe ndi 2.6 MN. Makona ndi awiri ndipo khoma ndi lofanana mbali zonse, choncho kona iliyonse imalandira theka, 1.3 MN, matani oposa 130. Pa khoma la mamilimita 550 imeneyo ndi shear stress ya pafupifupi 2.4 MPa. Nambala yochepa ndi 47 peresenti ikanakhala cha pa 0.7 MN.

Samu imeneyi siifuna kudziwa kulimba kwa konkire, mtundu wa element, kapena kukula kwa mesh. Ndi lamulo la kukhazikika basi: zimene madzi akukankha, makona ayenera kubweza. Munthu woika 0.7 pambali pa 1.3 sangadutse osafunsa kuti theka linalo lapita kuti. Sindikunena izi ponyoza amene anagwira ntchitoyo. Anali akatswiri a chimango chotere kuposa wina aliyense pa dziko lapansi, ndipo zigawo zoyenera kuziyang'ana zinali zambirimbiri, chilichonse ndi mitundu yake ya katundu. Manambala akachuluka chotero, munthu amasiya kuwawerenga n'kuyamba kungoyang'ana ngati pali pofiira, posonyeza kuti malire apyoledwa. Pa konayo panalibe pofiira.

N'chifukwa chiyani macheke a masiku onse sagwira vuto ngati ili? Mu .f06 timayang'ana OLOAD RESULTANT ndi SPCFORCE RESULTANT kuti tione ngati katundu yense woikidwa akufanana ndi mphamvu zonse zobwezedwa pomwe tagwira. Timayang'ananso EPSILON kuti ikhale yaying'ono. Macheke awa ndi abwino, koma amayankha mafunso ena. Loyamba limanena kuti katundu walowa ndi kutuluka wokwanira m'chimango chonse. Lachiwiri limanena kuti solver yathetsa samu yake mosataya manambala. Mesh yoipa kwambiri ikhoza kupambana onse awiri.

Apa pali mfundo imene ambiri timaphunzira mochedwa. Finite element imasunga kukhazikika kwa mphamvu pa ma node, osati pa stress. Mukadula model (chimango cha mu kompyuta) n'kuphatikiza mphamvu za pa ma node a pamalo odulidwawo, yankho limafanana ndendende ndi katundu wa mbali imene mwadula, ngakhale mesh ikhale yonyansa. Koma mukatenga stress n'kuiphatikiza pa nkhope yomweyo, yankho likhoza kuperewera kwambiri. Kusiyana kwa mayankho awiriwa ndi muyeso waulere wa kuipa kwa mesh pamalopo. Mu NASTRAN mphamvu za pa ma node mumazipeza popempha GPFORCE. Nambala yolondola ya shear inali kale mkati mwa model ya Sleipner. Njira imene anaitulutsira ndi imene inaitaya.

Mmene ndimachitira pa command line

Lero mapulogalamu aulere monga CalculiX, Code_Aster, Elmer ndi GetDP amayenda pa laputopu wamba, ndipo model imene mu 1991 inkafuna kompyuta yaikulu ya kampani imatha munthu asanamalize kumwa tiyi. Koma msampha ndi womwe uja. Mulemba `ccx khoma` kuti CalculiX iyende, pa sikirini pabwera mawu akuti ntchito yatha, mutsegula fayilo ya zotsatira ya .frd, muona mitundu. Ena amati GUI (pulogalamu ya mabatani odina) ndi imene imapusitsa anthu ndipo wa command line ndi wochenjera. Ine sindivomereza. Script imabwereza cholakwa mokhulupirika kuposa munthu wodinadina, ndipo imachibwereza pa zigawo zonse. Ubwino wa command line ndi wina: chilichonse chalembedwa, ndiye cheke mukachilemba kamodzi chimayenda nthawi zonse popanda kudalira kuti wina akumbukire.

Choyamba chimene ndimalemba, ndisanalembe mesh, ndi nambala za pa pepala za zigawo zimene zidzalamule kamangidwe. Ndimaziika m'fayilo yakeyake. Script ikamaliza kuyendetsa solver, imatenga mphamvu za pa zigawo zomwezo n'kuziyerekeza, ndipo zikasiyana kupyola malire amene ndaika, imaima ndi uthenga woti zalephera. Mu CalculiX, *SECTION PRINT imapereka mphamvu yonse yodutsa pa nkhope imene mwatchula, ndipo *NODE PRINT yokhala ndi RF ndi TOTALS imapereka mphamvu zobwezedwa zonse pamodzi. Dongosolo la nthawi ndi lofunika: samu ya pa pepala ikachitika mutaona kale yankho la kompyuta, dzanja limakhotera komweko osadziwa.

Muzidziwanso chimene fayilo iliyonse ikukupatsani. Mu CalculiX yomweyo, *EL PRINT imalemba stress ya pa ma integration point (ma Gauss point aja) mu .dat, pamene *EL FILE imalemba mu .frd stress yokokedwa kupita ku ma node n'kusakanizidwa pakati pa ma element oyandikana. Chithunzi chosalala chimene mumaona chinasalazidwa dala. Kulumpha kwa stress pakati pa element ndi inzake, kumene kukanakuchenjezani, kwafufutidwa musanakuone.

Za mesh, musakhutire ndi imodzi. Ndi Gmsh, pulogalamu yopangira mesh, n'zosavuta: `gmsh -3 -order 2 -clscale 0.5 -format inp khoma.geo`, kenako kusintha 0.5 kukhala 0.25, zonse mkati mwa loop imodzi. Chimene muyenera kutsatira si kusuntha kwakukulu kwa chimango, chifukwa kumeneko kumakhazikika msanga n'kukunyengani kuti zonse zili bwino. Tsatirani nambala yeniyeni imene ikupita ku kamangidwe, itadutsa kale mu script yanu yosandutsa. Pa Sleipner kuyesa solver yokha sikukanathandiza. Chofunika kuyesedwa chinali njira yonse mpaka pa shear ya pa chigawo. Ndipo pa kona yakuthwa ya mkati musatsatire stress ya pansonga penipeni. Mu linear elastic imangokwerabe mukamachepetsa ma element, mpaka kalekale. Mphamvu yophatikizidwa pa chigawo ndi imene imakhazikika.

Model yaikulu ya chimango chonse ili ndi ntchito yake, yosonyeza mmene katundu amagawikira. Kuifunsa za kona imodzi n'kuipempha zimene siingathe. Pa malo otere pamafunika ka model kena kakang'ono: kagawo ka plane strain (kodulidwa mopingasa, ka 2D) ka tricell imodzi, ka mesh yabwino ndi ma element a quadratic (okhala ndi ma node enanso pakati pa mbali zake), kokhala ndi kukankha kwa madzi mkati. Kameneka ngakhale mu 1991 kanali kotheka, ndipo lero CalculiX ili ndi *SUBMODEL yotengera kusuntha kwa m'malire kuchokera ku model yaikulu. Kumene ma element akhala opotoka ndi kumene maonekedwe a chimango ali ovuta, ndipo kumene maonekedwe ali ovuta ndi kumene mphamvu zimakhota. Choncho ma element oipitsitsa amakonda kugwera pa malo oopsa kwambiri. Ine ndimatulutsa mndandanda wa ma element opotoka kwambiri n'kuona ngati ali pafupi ndi chigawo chimene ndikutengapo nambala. Avereji ya ubwino wa mesh yonse ilibe phindu pa funso limeneli.

Pa script yosandutsa, maganizo anga ndi olimba. Imeneyo ndi pulogalamu ya zaumisiri mofanana ndi solver, koma solver inayesedwa ndi anthu masauzande pamene script yanu inayesedwa ndi inu nokha. Ipatseni vuto limene yankho lake mukulidziwa, monga mtanda wokankhidwa mofanana, poyamba ndi mesh yowongoka, kenako ndi mesh yopotozedwa dala. Ndipo pamene fizikisi ikunena kuti mzere ndi wowongoka, musakokerepo polynomial yapamwamba poganiza kuti ndiye yolondola kwambiri. Kupitiriza mzere kunja kwa manambala amene muli nawo kumakulitsa cholakwa chilichonse chimene chili m'manambalawo.

Zimene zinatsatira

Statoil inali ndi mapangano ogulitsa gasi ku mayiko a ku Ulaya, ndipo tsiku loyamba kupereka linali 1 Okutobala 1993. Deki inalipo, yosawonongeka. Anagamula zomanganso tsinde lina nthawi yomweyo, osadikira kuti kafukufuku athe. Koma apa panali vuto: njira ya pa kompyuta imene inajambula tsinde loyamba sikanadaliridwa mpaka cholakwa chake chitapezeka n'kukonzedwa, ndipo kumanga model yatsopano ndi kuitsimikizira kunali kotenga miyezi.

Anasankha kubwerera ku masamu a pamanja. Chimango anachigawa m'zidutswa zimene munthu angathe kuzimvetsa, zipinda, makoma, madenga ozungulira, polumikizira, ndipo chilichonse anachiwerengera ndi malamulo a kukhazikika kwa mphamvu, n'kusiya mpata wokwanira pomwe panali chikaiko. Kumanga kunayamba ndi manambala amenewo. Pamene zotsatira za model yatsopano ya finite element zinkafika, kujambula kunali kutatha ndipo gawo lalikulu la konkire linali litathiridwa kale. Kompyuta inabwera kudzatsimikizira ntchito ya pamanja, motembenuza dongosolo la poyamba. Polumikizira pa tricell panakonzedwa: zitsulo za T zinatalikitsidwa kuti zigwire m'konkire wopanikizika, ndipo zitsulo za shear zinawonjezedwa.

Ena amatenga mbali imeneyi ngati umboni woti makompyuta ndi osafunika. Kumeneko n'kuwerenga molakwika. Samu ya pamanja inatheka mwachangu chifukwa anthuwo anali atamanga zimango zotere kwa zaka zoposa 15, ndipo inabwera ndi mtengo wake wa zitsulo ndi konkire wowonjezera. Komanso chimene chinatsimikizira chifukwa cha ngoziyo, mpaka kusiyana mamita atatu okha, inali finite element yomweyo itagwiritsidwa bwino ntchito.

Tsinde latsopano linamizidwa mu fjord, linapirira, ndipo deki inaikidwapo mu 1993. Chaka chomwecho pulatifomu inakokedwa kupita pamalo pake mu North Sea. Gasi woyamba anayenda mu paipi ya Zeepipe kupita ku Zeebrugge ku Belgium pa 1 Okutobala 1993, tsiku lomwe linali m'mapangano. Patapita zaka ziwiri kampani yomweyo inamaliza Troll A, Condeep yoima m'madzi akuya mamita oposa 300.